Musanagule makina opopera vanishi, akalipentala a ku Chanyanya ndi ku Kafue

 Lero ndabwera kudzacheza ndi akalipentala a kuno ku Kafue ndi ku Chanyanya. Koma inu amene mumagula mabedi, zitseko ndi makabati musachoke, chifukwa vanishi aliyense wotayika pa shedi ya kalipentala amadzalipiridwa ndi thumba lanu.

Nkhani yake ndi makina opopera vanishi ndi penti pa matabwa. Zaka zingapo zapitazo kalipentala wa kuno analibe nawo ntchito makinawa. Bulashi, kansalu ndi sandipepa zinali zokwanira kumalizira bedi limodzi pa sabata. Zinthu zinatembenuka mu Januwale 2022 pamene boma linachotsa malipiro a sukulu. Ana anadzaza m'makalasi mpaka ena kukhala pansi, ndipo chaka chomwecho thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Boma linanena kuti madesiki azigulidwa kwa amisiri a m'dera momwemo. Munthu amene anazolowera kupaka mipando iwiri mwadzidzidzi anayamba kuwerengera madesiki ochuluka, ndi tsiku loti awapereke litaikidwa kale. Apo bulashi imagonja. Onjezanipo makasitomala a masiku ano, amene amapita ku Lusaka, naona makabati onyezimira m'masitolo akuluakulu ndi mipando ya amisiri a ku Kalingalinga, n'kubwerera akufuna zofanana nazo.

Ndiye kalipentala amakwera minibasi, makilomita ngati 45 kupita ku Lusaka, nalowa m'masitolo a zitsulo ku Kamwala kapena mu Freedom Way. Chinthu choyamba chimene amanyamula m'manja ndi gani, mfuti ija yopopera. Amaitembenuza, naona kuwala kwake, nafunsa mtengo. Bambo anga, mwayambira kumchira. Gani ndi chinthu chomaliza kusankha. Choyamba ndi mpweya, ndipo mpweyawo umadalira malaiti amene muli nawo pa shedi.

Tiyeni tikhalitse pamenepa, chifukwa ndalama zambiri zimafera apa. Wogulitsa kompresa amakuuzani kukula kwa thanki: iyi ndi ya malita 24, iyi 50, iyi 100. Thanki ndi posungira chabe. Funso loyenera ndi ili: pampu yake imatulutsa malita angati a mpweya pa mphindi imodzi? Mwachidule, hosipawa imodzi ya mota imapereka malita ngati 100 pa mphindi. Kompresa yaing'ono ya 2 hp, imene ambiri amagula, siipitirira malita 200, ndipo kawirikawiri imachepera pamenepo, ngakhale pa bokosi atalemba nambala yaikulu, poti nambala ya pa bokosi nthawi zambiri imanena za mpweya wolowa osati wotuluka. Tsono gani yabwino ya mtundu wa HVLP imadya malita 300 mpaka 400 pa mphindi. Mukalumikiza ziwirizi, masekondi oyamba zonse zimaoneka bwino. Kenaka mphamvu imatsika, vanishi amayamba kutuluka m'madontho akuluakulu, pamwamba pa tebulo pamachita timabampu, mota ikungolira osapuma mpaka kutentha. Kalipentala amatukwana gani, amatukwana vanishi, pomwe vuto ndi mpweya wosakwana.

Mwina mukuti, ndigule kompresa yaikulu basi. Malaiti a m'nyumba, a 230 V, amanyamula mota yofika 3 hp. Kupitirira apo mukufunika three-phase, ndipo si shedi iliyonse ku Chanyanya imene ingaione. Komanso tisaiwale 2024. Chilala cha chaka chimenecho, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale, chinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankaona malaiti maola atatu okha pa tsiku. Izi zinkachitika kwa ife amene timakhala m'mbali mwa mtsinje umene umazunguza makina opangira magetsi a Kafue Gorge, akale a 990 MW ndi atsopano a 750 MW, kumunsi kwathu konkuno. Amene akugula makina lero osaganizira za genset, jenereta ya magetsi, akuiwala msanga. Ndipo mota ya kompresa ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikamayenda, moti genset yaing'ono imene imayatsa mababu ndi TV imangotsamwa n'kuzima.

Tsopano tione maganiwo. Chida ichi si chachilendo. Mu 1907 Thomas DeVilbiss wa ku Toledo, ku America, anatenga kachida kamene bambo ake, omwe anali dokotala, ankapoperera mankhwala kukhosi kwa odwala, nakasandutsa chopopera penti. M'zaka za m'ma 1920 mafakitale a magalimoto anachilandira pamodzi ndi penti ya nitrocellulose, imene inkauma m'maola ochepa pamene yakale inkatenga masabata. Vanishi uja amene mumamutchula kuti NC, ndi sanding sealer yake, ndi zidzukulu za penti imeneyo.

Gani yachikale, imene imagwira ntchito ndi mpweya wamphamvu kwambiri, imaphwanya vanishi bwino ndipo imasalaza mokongola. Choipa chake n'chakuti zambiri zimauluka. Pa zimene mwathira m'kapu, zofika pa thabwa zimakhala ngati gawo limodzi mwa magawo atatu. Gani ya HVLP inapangidwa kuti ithetse zimenezi: mpweya wambiri koma wofatsa, wosapitirira 0.7 bar potulukira, ndipo muyezo wake ndi wakuti 65 peresenti kapena kuposerapo ifike pa chinthu chimene mukupopera. Tiwerengere limodzi. Mwagula chigubu cha malita 20. Ndi gani imene imafikitsa 30 peresenti, pa matabwa pafika malita 6, ndipo malita 14 apita m'mwamba, pa khoma, pa zovala zoyanikidwa za aneba ndi m'chifuwa mwanu. Ndi HVLP pafika malita 13. Pa miyendo ya mipando ndi zinthu zina zowonda manambala onsewa amatsika, koma kusiyana kumakhalapobe. Mukadziwa mtengo wa chigubu chimodzi lero, mudziwerengera nokha kuti gani yodula imabweza ndalama yake pa zigubu zingati.

Kwa amene muli kale ndi kompresa yaing'ono, pali gani ina yotchedwa LVLP, imene imakhutira ndi mpweya wochepa. Imayenda pang'onopang'ono, koma pa mabedi, timatebulo ndi mabokosi a maliro imakwanira. Ine ndikadakhala ndi shedi ku Chanyanya ndikadayang'ananso makina a turbine. Amenewa alibe kompresa. Ndi kabokosi konyamulika m'manja kokhala ndi mafani othamanga kwambiri, kamene kamakankhira mpweya mu payipi yonenepa kupita ku gani. Mphamvu imene amadya ili pafupi ndi ya ketulo yaing'ono yamagetsi, motero genset yapakati imawakwanitsa. Mpweya wake ndi wouma, wopanda mafuta. Mungawakweze pa njinga kukapopera zitseko pa nyumba ya kasitomala. Pogula onani kuti mafani ake ndi atatu kapena anayi. A fani imodzi kapena ziwiri, otchipa aja, amalephera penti yolimba. Vuto lawo ndi lakuti zida zosinthira sizipezeka paliponse, ndiye funsani zimenezo musanalipire.

Nanga makina a airless, amene ena akuwasirira chifukwa cha liwiro? Awa amakankha penti yeniyeniyo ndi pampu, pa mphamvu yopitirira 100 bar, kudutsa pa kabowo kakang'ono. Pa makoma, pa malata, pa zitseko zambirimbiri zoikidwa pamzere, palibe wowaposa. Pa mpando wokhala ndi timiyendo ndi timakona amathira mopitirira, vanishi n'kumayenderera. Amafunanso penti yambiri yongodzaza m'payipi musanayambe, ndi thinazi wambiri wotsukira mukamaliza. Ndipo ndikuchenjezeni: chala chikadutsa kutsogolo kwa nozulo ya airless, penti imaboola khungu n'kulowa m'kati. Kabala kake kamaoneka kakang'ono, koma anthu adulidwapo zala chifukwa chochedwa kupita ku chipatala. Mafakitale a mipando amakonda mtundu wosakaniza, air-assisted airless, umene kampani ya Kremlin ya ku France inautulutsa m'ma 1970 pa dzina la Airmix. Ndi wabwino zedi, wachangu ndiponso wosalaza, koma mtengo wake umafuna munthu wopopera tsiku ndi tsiku. Za makina odziyendera okha, monga amene amapangidwa ndi Cefla ku Imola m'dziko la Italy, momwe thabwa limalowa mbali ino pa lamba n'kutulukira mbali inayo litapakidwa kale, tisatayepo nthawi. Amenewo ndi a fakitale yotulutsa zitseko za makabati zikwizikwi.



Pali chinthu chimene wogulitsa wa ku Lusaka sangakuuzeni chifukwa sakhala kuno: chinyezi. Chanyanya ali m'mphepete mwa dambo lalikulu la Kafue Flats, kumene madzi amasefukira chaka ndi chaka kuyambira ku Itezhi-Tezhi mpaka kuno. M'dzinja mpweya umakhala wonyowa tsiku lonse, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi m'mawa kumagwa nkhungu. Vanishi wa NC amauma msanga, ndipo thinazi akamauluka amaziziritsa pamwamba pa thabwa. Chinyezi cha mumpweya chimasanduka timadzi pamenepo n'kutsekeredwa m'kati, tebulo lija n'kuchita mbuu, loyera ngati lapakidwa phulusa. Kalipentala amaganiza kuti amugulitsa vanishi wachinyengo. Mankhwala ake ndi kudikira dzuwa likwere, cha m'ma 10 koloko, ndi kuthirako pang'ono retarder, imene imachedwetsa kuuma. Kompresa nayo imamwa chinyezi chomwecho n'kuchisunga m'thanki. Tsegulani kampopi ka pansi pa thanki madzulo aliwonse, muone madzi a dzimbiri amene amatuluka. Popanda kasefa kokola madzi pa payipi, madziwo amathera pa kabati ya kasitomala. Kasefako n'kotchipa, koma ndi kamene ambiri amakasiya m'sitolo.

Ikafika Ogasiti mavuto amasintha nkhope. Mphepo imanyamula fumbi la mumsewu, ndipo chilichonse chopoperedwa panja chimatola mchenga chisanaume. Mu Okutobala kutentha kumaumitsa vanishi ali m'mwamba asanafike pa thabwa, ndiye mukapapasa pamakhala pokhakhala. Zonsezi zikutiuza chinthu chimodzi: chipinda chopoperamo ndi mbali ya makinawo. Amene wagula gani yodula ya SATA kapena Anest Iwata koma akupopera pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi mnzake amene akupala matabwa, adzagonja kwa mnyamata wa gani wamba amene anatchinga kachipinda ndi pulasitiki, nawaza madzi pansi kuti fumbi ligone, naika fani yotulutsa mpweya kumbuyo kwa chinthu chimene akupopera.

Matabwa nawonso ali ndi mawu ake. Mukwa, umene ena timautcha mlombwa, uli ndi timabowo tooneka ndi maso. Ukapanda kutsekedwa bwino ndi sanding sealer n'kukwechedwa, vanishi amangomira, pamwamba n'kukhala tizenjezenje. Paini wochokera ku minda ya kampani ya ZAFFICO ku Copperbelt ali ndi mfundo zotulutsa utomoni, ndipo amamwa utoto mosiyanasiyana, pena kuda pena kuyera. Choopsa kwambiri ndi thabwa losauma. Matabwa ambiri ogulidwa pa misika ngati Buseko amafika akadali ndi madzi. Thabwa la mipando ya m'nyumba liyenera kutsika kufika pa chinyezi cha 12 peresenti kapena kucheperapo. Mukalitsekera ndi vanishi lisanafike pamenepo, tsiku lopereka katundu aliyense adzayamikira, koma ikatha miyezi itatu chitseko chapindika, vanishi wang'aluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kachida koyezera chinyezi cha thabwa n'kakang'ono, kolowa m'thumba la shati, ndipo ine ndingakagule ndisanagule gani yachiwiri.

Za nozulo ndingonena mwachidule. Vanishi wopyapyala amafuna ya 1.3 kapena 1.4 mm, sanding sealer ndi penti ya pansi zimafuna ya 1.8 kapena 2.0 mm. Gulani gani imene nozulo, singano ndi chipewa chake cha mpweya zimagulitsidwa pazokha. Gani yopanda zosinthira ikatha singano, yonse yatha. Ngati mukufuna kuyamba kugwiritsa ntchito mavanishi osungunulira ndi madzi, amene fungo lake n'lochepa, onetsetsani kuti m'kati mwa gani ndi mwa chitsulo chosachita dzimbiri.

Tsopano nkhani imene imandiwawa. Pa mashedi ambiri wopopera si mwini shedi. Ndi mnyamata wophunzira ntchito, amene wamanga kansalu pamphuno kapena wavala kamasiki ka pepala kamene tinkavala nthawi ya Covid. Madzulo amapatsidwa paketi ya mkaka, ati atsuke m'chifuwa. Abale anga, mkaka umapita m'mimba, thinazi amapita m'mapapo ndi m'magazi, sizikumana n'komwe. Mu thinazi muli mankhwala monga toluene ndi xylene, amene amayambitsa mutu, chizungulire, ndipo pakapita zaka amawononga mitsempha ndi ubongo. Masiki ya pepala imagwira fumbi basi. Pamafunika masiki ya labala yokhala ndi timabokosi ta makala tosefa mpweya wa mankhwala, ndipo timabokosito timatha mphamvu, tiyenera kusinthidwa. Vanishi wa 2K, uja wothira hardener, amene ambiri ayamba kumukonda chifukwa ndi wolimba ndipo saopa madzi, ali ndi ma isocyanate. M'mayiko amene amalemba matenda a pantchito, ma isocyanate ali m'gulu la zoyambitsa mphumu zazikulu. Munthu thupi lake likangoyamba kudana nawo, ngakhale kafungo kochepa kamamutseka chifuwa, ndipo ntchito yopopera yathera pomwepo. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amalangiza kuti wopopera 2K azivala chigoba cholandira mpweya woyera kudzera pa payipi. Ngati simungakwanitse chimenecho, 2K muyambe mwamusiya. Lamulo la Occupational Health and Safety la 2010 linaika udindo woteteza wantchito pa womulemba ntchito, koma sitifunika kudikira woyendera wa boma kuti timvere chisoni mwana wa mnzathu.

Moto nawo uli pafupi. Nkhungu ya thinazi imayaka ndi kamoto kakang'ono, kaya ka ndudu, kaya ka mbaula yophikira nsima ya masana, kaya ka waya wolumikiza mwachidule. Zotsalira za NC zouma pa khoma ndi pa fani zimayaka mofulumira kwambiri. Mota ya fani ikhale kunja kwa njira ya mpweya wotuluka, ndipo genset ikhale patali. Thinazi wotsukira gani musamukhuthulire mu ngalande. Musiyeni m'chigubu chotseka, zinyalala zikhale pansi, wapamwambayo mutsukirenso mawa. Ngalande za kuno zonse zimathera mu Kafue, momwe muli nsomba za asodzi a ku Chanyanya, momwenso malo oyeretsera madzi a Iolanda amatunga madzi opita ku Lusaka. Zimene zinachitika mu Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi, zinatikumbutsa kuti mtsinje uwu suli wopanda malire. Ife tisaonjezerepo zathu, ngakhale zili zochepa.

Mukaphatikiza zonsezi, kompresa yokwanira, kasefa, gani ziwiri, chipinda, fani, masiki, genset, mupeza kuti kalipentala mmodzi wa bedi limodzi pa sabata sangazikwanitse, ndipo ngakhale atazikwanitsa zingamakhale zikungogona masiku asanu pa sabata. Maganizo anga ndi awa: amisiri asanu kapena khumi a dera limodzi amange chipinda chimodzi chopoperamo, chokhala ndi makina abwino ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa bwino, aliyense azibweretsa katundu wake n'kulipira malinga ndi kukula kwa ntchito. Anthu a ku Chanyanya sachita kuuzidwa za makina ogawana. Anaona alimi ang'onoang'ono akuphatikiza minda yawo mu kopaletivu, makina akuluakulu othirira ozungulira aja n'kuikidwa mothandizana ndi kampani ya InfraCo Africa, ntchito imene inadzakula kukhala ya Chiansi. Palibe mlimi mmodzi amene akanagula makina otero payekha. Zogawana zili ndi mikangano yake, sindikubisa: uyu akufuna kuyamba, uyo sanatsuke gani, ndalama ya dizilo yasowa. Zimafuna buku lolembamo ndi msungichuma woopedwa. Koma mikangano imeneyo ndi yopepuka poyerekeza ndi mashedi khumi, iliyonse ndi kakompresa kake kolephera ndi mnyamata wake wotsokomola.

Thumba la CDF lili ndi gawo la ngongole ndi thandizo kwa makopaletivu, achinyamata ndi amayi, komanso gawo lolipirira maphunziro a ntchito zamanja m'masukulu ovomerezedwa ndi TEVETA. Pempho la chipinda chopoperamo cha gulu, lolembedwa bwino ndi mitengo yake, lili ndi mutu kuposa mapempho khumi a munthu mmodzimmodzi. Inu a komiti ya chitukuko ya wadi ndi inu a khonsolo ya Kafue, mukamalandira madesiki musamangowerenga kuchuluka kwake. Papasani pamwamba, funsani kuti matabwa anauma bwanji ndipo wopopera anavala chiyani.

Ndipo inu bambo kalipentala amene mwatsimikiza kupita ku Lusaka sabata ino, nyamulani kathabwa ka mukwa kokwechedwa kale ndi kabotolo ka vanishi amene mumagwiritsa ntchito. Uzani wogulitsa alumikize gani ku kompresa imene akukutsatsaniyo, mupopere mosalekeza kwa mphindi ziwiri maso ali pa geji. Singano ya geji ikamangotsika osabwerera, bwezani ndalama m'thumba mupite sitolo ina.